Dzina limene a Yoramu anabwera nalo ku Jeremani

Aliyense amene amayenda mumsewu wa ku Palabana m'mamawa anakumanapo ndi a Yoramu. Ndi bambo wamtali, wowonda, amene amapalasa njinga yakuda itanyamula zigubu ziwiri za mkaka, china uku china uku, ndipo ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, iwo amamanga mabatani a shati mpaka pakhosi. Anyamata a pa siteshoni ya maminibasi amawatchula kuti a Jeremani. Ambiri amayesa kuti ndi nthabwala chabe, poti bambowa sachedwa pa chilichonse, ngakhale pa msonkhano wa Chipani cholamula umene aliyense amadziwa kuti uyamba masana. Koma ku Jeremani anapitadi, anakhalako zaka zingapo, ndipo chimene anabwera nacho kumeneko chinatsala pang'ono kuwathetsera banja.

Anabadwira kwa Nkomeshya, m'banja lolima chimanga ndi mtedza. Sukulu anailekera pa Fomu 3. Sikuti mutu unali wouma ayi, malo a Fomu 4 ndiwo anali ochepa. Atakhala pakhomo chaka chathunthu akukangana ndi amayi awo pa nkhani za nkhuni ndi madzi, anapeza ntchito yokama ng'ombe pa famu ina pafupi ndi Palabana. Ng'ombe zinkawakonda. Ngakhale yaukali, yoponda chidebe, inkaima phee iwo akakhala pansi pake. Ndiye pamene kunamveka kuti dziko la Jeremani ya Kum'mawa likufuna achinyamata a ku Zambia oti akaphunzire ntchito zamanja, a tcheyamani a nthambi ya Chipani anatchula dzina lawo. Masiku amenewo Jeremani inali pawiri, ya Kum'mawa ndi ya Kumadzulo, pakati pali waya ndi khoma, mwakuti munthu ndi mbale wake sankayenderana. Ya Kum'mawayo ndiyo inali bwenzi la boma lathu.

Anawatumiza pa famu yaikulu kumpoto kwa dzikolo, kumene ng'ombe zinali zochuluka kuposa za kwa Nkomeshya konse, zonse zokamidwa ndi makina. Pa misonkhano anthu a kumeneko ankawaombera m'manja, kuwatchula kuti abale athu a ku Africa. Koma akakwera basi, mpando wa pambali pawo unkakhala wopanda munthu, ena ataimirira. M'chipinda chodyera akafika pa tebulo, nkhani zinkatha. Palibe anawatukwana, palibenso anawafunsa ngati amayi awo ali moyo. A Yoramu amati njala ya moni imene anaimva chaka choyamba chija inawapweteka kuposa kuzizira.

Panali nkhalamba imodzi yokha imene inali yosiyana, dzina lake Ewald, koma lilime la a Yoramu linkati a Evaludi. Anali wamfupi, wotsimphina, wonunkha fodya wa m'kaliwo, ndipo ntchito yake inali yobereketsa ng'ombe ndi kulera ana ake. Tsiku lina nkhalambayo inaona manja a a Yoramu atang'ambika ndi chisanu, magazi akuchucha m'mizere. Inatenga mafuta opaka mawere a ng'ombe, inagwira manjawo m'manja mwake, n'kuwapaka chala ndi chala ngati mayi. Sabata yotsatira inawabweretsera jekete lochindikala. Kenaka inayamba kuwatenga kunyumba kwake pa Sondo, tsiku la Mulungu, kukadya mbatatesi ndi kabichi wowawasa. Mkazi wake anali atamwalira kale. Mwana wake mmodzi yekhayo anathawira Kumadzulo khoma lisanamangidwe, ndipo sanabwererenso. Nkhalambayo inkawaitana a Yoramu kuti mnyamata wanga. Anyamata oledzera atawazinga pa siteshoni ya sitima tsiku lina, ndi nkhalamba yomweyo imene inalowa pakati ndi ndodo yake, kukalipa mpaka iwo anamwazikana.

Chinthu chimodzi chokha chinali chodabwitsa pa a Evaludi. Malole akabwera kudzatenga ng'ombe zokalamba kupita nazo kokaphedwa, iwo ankasowa. A Yoramu anawapezapo kuseri kwa shedi ya udzu, atakhala pansi okhaokha. Atawafunsa, nkhalambayo inati pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali mu polisi, ku Poland, ndipo ntchito yake inali pa sitima: kuperekeza anthu amene ankasamutsidwa ndi kutseka zitseko za mabogi a sitimayo. Inati kulira kwa ng'ombe m'lole kumaikumbutsa zimenezo. A Yoramu anaganiza za magadi a njanji a ku Lusaka akuliza mapito awo, ndipo anamva chisoni kuti munthu wamkulu chotere ali ndi mtima wofewa ngati wa mwana. Aphunzitsi awo anali atawatengerako kukaona kampu ina kumene Ayuda ndi anthu ena anaphedwa mwaunyinji, ng'anjo zake zilipobe, ndipo anawauza kuti onse amene anachita zimenezo anathawira Kumadzulo, Kum'mawa kunatsala anthu oyera mtima okhaokha. A Yoramu anakhulupirira. Akanakayika bwanji mawu a aphunzitsi m'dziko la eni?

A Evaludi anamwalira m'nyengo yozizira yomaliza a Yoramu asanabwerere kwawo. Maliro amenewo amawavutabe mpaka lero. Anthu onse amene anabwera akanakwana mu minibasi imodzi. Palibe anagona pa nyumba ya maliro, palibe analira mokweza. Bambo wina wa suti, amene sanali m'busa, anawerenga mawu ochepa, dothi linagwa, kenaka anthu anapita kukamwa khofi ndi keke. A Yoramu analephera kupirira. Anagwada pamanda paja n'kulira monga timalirira kwathu kuno, kutchula dzina, kufunsa wakufayo kuti watisiyira yani. Azungu aja anayang'ana nsapato zawo. Kapitawo wa pa famu anawakoka dzanja la jekete kuti adzuke. Sabata isanathe nyumba ya nkhalamba ija inali itasesedwa, bedi lili panja pa mvula, banja lina likulowa.

Kwathu munthu akafa dzina lake limadikira mwana, ndipo mwanayo akabadwa anthu amati uje wabwera. Apa panalibe mwana, panalibe mdzukulu, panalibe woti adzatchulenso dzinalo. A Yoramu anabwerera kumandako okha, n'kulonjeza kuti dzinalo apita nalo ku Zambia.

Atafika kuno anapeza kuti makina amene anaphunzira kulibe, ndipo pamene analipo anali atafa chifukwa chosowa zitsulo. Anabwerera pa chidebe ndi kampando. M'kupita kwa nthawi anapeza ng'ombe zawozawo ziwiri, anamanga nyumba ya njerwa pa malo a amalume awo, n'kukwatira a Clementina, mwana wa banja la Akatolika a kufupi ndi mishoni. Ana awiri oyamba anali atsikana, Olipa ndi Virginia, ndipo mayina awo anachokera kuchikazi. Wachitatu atabadwa wamwamuna, mchombo utagwa, akuchikazi anati ulendo uno atchule ndi bambo wake.

A Yoramu atatchula dzinalo, anthu anayang'anana. Amene anayankha anali a Ackim, amalume a a Clementina, bambo wonenepa wa mawu ambiri amene analinso ndi udindo m'nthambi ya Chipani. Anafotokoza kuti m'banja mwawo mwana amatenga mtima wa mwini dzina, n'chifukwa chake sapatsa mwana dzina la munthu amene sakumudziwa. Choncho anayamba kufunsa: mzungu ameneyo ankamenya mkazi wake? Anali womana? Anali waulesi? A Yoramu anafotokoza za manja aja, za jekete, za ndodo pa siteshoni, za ana a ng'ombe amene ankamutsatira ngati mayi wawo.

“Nanga moba, apongozi, anali kumwa?”

“Pang'ono chabe, amalume, pa Sondo.”

“Ndiye aposa ise tonse tili pano. Mupaseni mwana.”

Anthu anaseka, ndipo dzinalo linalowa m'banja. Wansembe wa pa mishoni naye sanavute, anati woyera wa dzina limenelo alipo.

Evaludi wamng'ono anakula wonenepa, wamakani, wosaopa ng'ombe. Atangoyamba kuyenda ankatsatira atate ake ku khola, ndipo chimene ankachikonda koposa chinali kukankha chitseko cha khola la ana a ng'ombe n'kukoleka waya wake. Agogo ake a Anastasia, amayi a a Clementina, ankamutcha mzungu wanga. Ankauza aliyense wobwera kuti taonani, mwini dzina wabweradi, mwanayu ndi ng'ombe sasiyana. A Yoramu akamva zimenezo chifuwa chinkatukuka. Ankaona kuti nkhalamba ija, imene inaikidwa ngati mlendo m'dziko lake lomwe, tsopano yapeza mudzi.

Mwanayo ali ndi zaka zitatu, m'chilimwe, kunabwera mlendo pa galimoto. Anali a Lister, mayi wachitsikana wakwathu kuno wophunzitsa pa yunivesite, amene anachita maphunziro ake ku Jeremani ya Kumadzulo. Ankayendera anthu amene boma linawatumiza kunja n'kubwerako, kuti aone mmene makhalidwe awo anasinthira, ndiponso ngati eni ake amadzionabe kuti ndi anthu omwe aja. A Yoramu anakonzekera ngati ukwati. Anabwereka mipando, anasesa mpaka kumsewu, ndipo apongozi awo onse anabwera kudzaona mkamwini wawo akulowa m'buku.

A Lister anaika tepi yojambulira mawu pa tebulo n'kuyamba mafunso. Kodi amadyabe ndi manja? Amagwadabe popereka moni kwa apongozi? Akalota, amalota m'chilankhulo chiti? Posakhalitsa awiriwo analowa m'Chijeremani, ndipo nkhope ya a Yoramu inawala, pakuti kuyambira pamene anabwera anali asanapeze woti akambe naye. Azimayi pamphasa ankagwirana ndi kuseka, akuti anthu awa akutsuka pakhosi.

Pamenepo mwana uja anatulukira akuthamangitsa nkhuku, ndipo atate ake anamuitana ndi dzina. A Lister anaseka modabwa, n'kufunsa kuti dzina la nkhalamba za ku Jeremani lafika bwanji kwa Nkomeshya. A Yoramu anafotokoza zonse mosangalala, mpaka za malole ndi kubisala kuseri kwa shedi, za polisi, za Poland, za zitseko za mabogi. Anazikamba ngati umboni wa mtima wabwino. A Lister analeka kuseka. Anafunsa kuti zinali zaka ziti, ndipo kunali kufupi ndi tauni iti. A Yoramu anatchula zimene ankakumbukira. Mayiyo anatambasula dzanja n'kuzimitsa tepi.

A Anastasia sankamva Chijeremani, koma nkhope ankaziwerenga.

“Mwana wanga, nkhope yako yagwa pamene aitana mdzukulu wanga. Kamba m'chilankhulo chathu, naise timveko.”

A Lister anayesa kuzemba, anati ndi nkhani zakale za m'mabuku. Koma analeredwa kuti munthu wamkulu akafunsa sumunamiza, ndiponso anali mphunzitsi, wozolowera kuti funso limayankhidwa. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti sitima za zaka zimenezo, m'dera limenelo, zoperekezedwa ndi apolisi, nthawi zambiri sizinkasamutsa anthu kupita nawo kumudzi wina. Zinkawatengera ku makampu ophera anthu. Ankawathithikiza m'mabogi a ng'ombe, opanda madzi, ndipo ena ankafera m'njira.

Poona kuti mawu awo awalemera anthu, anayesa kufewetsa ndi zimene anaphunzira. Anati akatswiri a mbiri ndi a chikhalidwe cha anthu akhala akukangana za amuna oterewa. Ena amati ankangomvera lamulo, poti anakulira m'dziko limene wamkulu akalamula sufunsa. Ena amati chidani pa Ayuda anachiyamwa kuyambira ali ana, kusukulu ndi pa wailesi. Enanso amati ambiri sanali zilombo konse, anali ophika buledi, ometa tsitsi, abambo okonda ana awo, amene chachikulu ankaopa chinali kuoneka amantha pamaso pa anzawo, ndiye aliyense ankachita chimene mnzake wapambali akuchita. Anati nkhondo itatha, boma la Kum'mawa linaphunzitsa kuti oipa onse ali tsidya lina la khoma, choncho amuna ngati a Evaludi anangotseka pakamwa n'kubwerera ku ng'ombe zawo.

A Ackim anapukusa mutu n'kunena kuti mitundu ina njoipa, munthu wakuno sangachite zotere. A Lister anayankha motsitsa mawu kuti akatswiri ambiri amaona kuti munthu wa mtundu uliwonse angathe, zinthu zikamuzungulira mwa njira imeneyo. A Ackim, amene masiku a msika ankaima pa geti kubweza azimayi opanda khadi la Chipani, tomato wawo ali pamutu, anafunsa mokwiya kuti mufuna kukamba kuti chani.

A Anastasia analibe nazo ntchito za akatswiri. Anali ndi funso limodzi.

“M'masitima umo munali ana?”

“Inde amayi, munali.”

Mayi wokalambayo anayang'ana mdzukulu wake amene anali atagwira nkhuku ija kumapiko. Anatsegula pakamwa kuti amuitane, koma dzina silinatuluke. Anangoti iwe, siya nkhukuyo.

Kuyambira tsiku limenelo dzinalo linasowa pakamwa pa anthu. Mwanayo anasanduka iwe, uyu, mwana wa a Jeremani. Nkhani inayenda kuchokera ku chitsime mpaka ku mishoni, ikukula m'njira, mpaka ena ankati mzungu uja ankaotcha ana ndi manja ake. Zimene kale anthu ankaseka nazo zinayamba kuwaopsa. Mwanayo akakankha mnzake posewera, monga ana onse amachitira, mayi wa mnzakeyo ankabwera akuthamanga. Tsiku lina madzulo a Clementina anamuona akutseka chitseko cha khola, ana a ng'ombe akulira mkati kufuna amayi awo, iye akukoleka waya mosamala, lilime lili panja. Anamukwatula pamenepo mwamphamvu mpaka mwanayo analira, iwonso n'kulira naye.

Akuchikazi anati dzinalo lichotsedwe, mwana apatsidwe la malemu Fabiano, mchimwene wa a Clementina amene anali wofatsa ndi woimba kwaya. Koma mwambo wa m'banja mwawo unali wakuti amene anaitana mwini dzina ndiye ayenera kumuuza kuti abwerere. Wina akayesa, wakufayo samva. Ndiye zonse zinali m'manja mwa a Yoramu, ndipo iwo anakana. Anati mwana alibe vuto, akudya, akusewera, amene adwala ndi akulu. Anati a Lister sanamuone munthuyo, iwo ndiwo anadya naye. Anati analonjeza pamanda, ndipo kuchotsa dzinalo kuli ngati kumuikanso m'manda kachiwiri popanda womulira.

A Clementina sanali mkazi waphokoso. Anapirira milungu ingapo, akuchonderera pogona ndi podzuka. Tsiku lina ali kumunda, atatsamira pa khasu, anati:

“Atate a Olipa, anthu ayamba kumuyopa mwana. Mwana wanga ine, wamene akali kukodza pa mphasa.”

“Amake Olipa, munthu uja ananigwira manja pamene dziko lonse linali kuniyangana monga galu. Ananipaka mafuta chala na chala.”

“Na manja yamene yanatseka chitseko cha bogi.”

A Yoramu anatola khasu lawo n'kupita kukayamba mzere wina kutali.

Mvula yoyamba itagwa, a Clementina anamanga katundu n'kutenga ana onse atatu kupita kwa amayi awo. Sanatukwane, anasiya ataphika ndiwo. A Ackim anatumiza mawu akuti ana ndi a kuchikazi, ndipo adzabwera tsiku limene apongozi adzachite choyenera.

A Yoramu anakwera minibasi kupita ku Lusaka kukafuna a Lister. Anawapeza mu ofesi yaing'ono yodzaza mabuku mpaka pawindo. Mayiyo anapepesa, anati akanadziwa sakanakamba pagulu. A Yoramu anati sanabwerere kupepesedwa, abwera ndi funso limodzi: munthu uja anali woipa kapena wabwino? Ngati anali woipa, achotsa dzinalo lero lomwe. Ngati anali wabwino, a Lister akwere nawo minibasi akauze apongozi.

A Lister anati sangathe kudziwa zimene nkhalambayo inachita ndi manja ake kupitirira zimene inaulula yokha. Anati alipo ena amene anakana ntchito zotere ndipo sanaphedwe, choncho sizoona kuti panalibe pothawira. Anatinso chifundo chimene inawachitira chinali chenicheni, mwina n'kutheka chinachokera mu zomwe zija, munthu akuyesa kutsegula chimene anatseka.

“Amayi, ine sininamalize sukulu. Niuzeni chabe chimodzi.”

“Ba Yoramu, nikakuuzani chimodzi ninama. Amene analemba mabuku aya nawo akali kukangana.”

Kenaka a Lister anawafunsa ngati amva pa wailesi kuti khoma lija lagumulidwa, anthu akuvina pamwamba pake, ndipo dziko limene a Yoramu anaphunzirako mwina silikhalanso. A Yoramu anati amva. Anafunsa ngati dziko likatha manda amawasamalabe. A Lister anati sakudziwa. Anawaperekeza mpaka pa geti, ndipo bambowo anabwerera kwa Nkomeshya opanda yankho.

Dzinja lonse anakhala okha. Anadzala okha, anapalira okha, theka la munda linamera udzu. Ankakama ng'ombe, kupereka mkaka, kubwerera m'nyumba yopanda mawu. Ena ankati a Jeremani asankha mzungu wakufa kusiya ana amoyo. Iwo ankati sanasankhe kanthu, akungodikira kuti anthu aiwale. Koma m'mutu mwawo nkhalamba ija inali itayamba kusintha. Akaikumbukira ikuwapaka mafuta, ankaonanso manja omwewo ali pa chitsulo cha bogi. Akayesa kuikwiyira, fungo la fodya wa m'kaliwo linkabwera, mkwiyo n'kutha. Anayamba kudzifunsa ngati tsiku lija kuseri kwa shedi nkhalambayo inkaulula tchimo lake kwa munthu yekhayo amene sakanatha kulimvetsa.

Pa Sondo lina chimanga chitayamba kucha, anapalasa njinga kupita ku mishoni atanyamula botolo la mkaka wa ana. Misa inali itatha, ana akusewera mpira wa nsanza pabwalo la tchalitchi. Olipa ndi Virginia anali pakati pa anzawo. Mwana wawo wamwamuna anali yekha pafupi ndi khoma, atakhala pansi, akuthira dothi m'chitini. Anali ataonda. Atawaona anathamanga n'kudzawagwira mwendo.

A Yoramu anamunyamula n'kumufunsa chifukwa chake sakusewera ndi anzake. Mwanayo anati samuitana. Anati ngakhale pa chakudya, ambuya ake a Anastasia amaitana Olipa, amaitana Virginia, ndiye iye amangobwera yekha akaona kuti mbale zafika. Anakamba zimenezi mopanda kudandaula, ngati mwana wofotokoza kuti mvula inagwa dzulo.

Madzulo a tsiku lomwelo a Yoramu anagwada pakhomo pa a Anastasia n'kunena kuti avomera.

Anachita mwambowo m'mamawa, kuseri kwa nyumba ya a Anastasia, pansi pa mtengo wa msolo. Panali a m'banja okhaokha. Mwanayo anamukhazika pa mphasa yatsopano atavula shati, tulo tili m'maso. A Anastasia anapereka kwa mkamwini wawo chikho cha madzi osakaniza ndi ufa woyera. A Ackim, amene tsiku limenelo analibe nthabwala, anawauza kuti amutchule wakufayo, amuthokoze pa zimene anachita bwino, kenaka amuuze momveka kuti asiye mwana abwerere kwawo.

A Yoramu anayamba m'Chinyanja, koma a Anastasia anawaimitsa. Anati mzunguyo Chinyanja anachimvera kuti? Akambe naye m'chilankhulo chake, apo ayi sachoka.

Ndiye a Yoramu anagwada, chikho chili m'manja, n'kuyamba kulankhula Chijeremani. Ulendo uno palibe anaseka. Anayamba motsitsa, ngati munthu wogogoda pakhomo la mwini wake. Kenaka mawu anakwera, anakhala ngati akufunsa mafunso, akumaima kudikira yankho. Pena anaoneka ngati akukalipa, pena ngati akuchonderera. Anakamba nthawi yaitali kuposa mmene mwambo umafunira, mpaka a Ackim anayamba kusuntha pampando, koma a Anastasia anawaletsa ndi dzanja. Misozi inkagwera m'chikho. Pomaliza anathira madzi ena pansi, otsalawo anasambitsa nawo mwana kumutu ndi pachifuwa. Mwanayo ananjenjemera ndi kuzizira, n'kuyang'ana atate ake modabwa.

A Anastasia anamufunditsa chitenje chawo, namutchula katatu kuti Fabiano. Azimayi anaomba m'manja pang'onopang'ono. Pobwerera kunyumba, a Clementina anafunsa amuna awo zimene anamuuza wakufayo. Iwo anati anamuuza kuti kuno malo atha, ndipo kwina koti amutumize sakukudziwa. Zotsalazo sanauze munthu.

Banja linabwerera. Anthu a pa chitsime anapeza nkhani zina, ndipo ana anayambanso kubwera kudzasewera pabwalo. Koma mwanayo dzina latsopanolo sankalimva. Amake ankaitana Fabiano mpaka mawu kusasa, iye ali chigonere pa mchenga, osatembenuka. Akulu anati bambo wake ndiye amuzoloweze. Choncho madzulo aliwonse a Yoramu akabwera kokapereka mkaka ankakhala pa kampando kawo kokamira, mwana ali patsogolo pawo, n'kumamuitana dzina latsopanolo mobwerezabwereza, akumupatsa kachidutswa ka mbatata akayang'ana. Nthawi zina lilime linkaterereka kuyamba dzina lakale, iwo n'kulimeza lisanathe.

Zinatenga mpaka nthawi yokolola. Tsiku lina mwanayo ali kutali, pafupi ndi nkhokwe, akuthamangitsa mbuzi, a Yoramu anaitana kamodzi kokha, mosakweza mawu. Mwanayo anaima, anatembenuka, n'kuyankha kuti atate. A Clementina anasiya lichero n'kuthamanga kukamunyamula, akuseka, akuitana atsikana kuti abwere adzamve. A Yoramu anadzuka pa kampando paja, anatenga chidebe ngakhale nthawi yokama inali isanakwane, n'kulowa m'khola. Anakhala pansi pa ng'ombe, chipumi atatsamiritsa pa mimba yake, ndipo kwa nthawi yaitali m'chidebemo simunamveke kanthu.